Charles Taze Russell, wasitolo yemwe adakana Utatu

Pali mikangano ina yomwe siitha m'misika mwathu muno. Ukatha wa mpira umabwera wa ndale, wa ndale ukazirala wina amasolola Baibulo m'thumba, basi malonda aima. Ndipo pa mikangano yonse ya m'Baibulo palibe womwe umatulutsa anthu thukuta ngati uja wa Utatu Woyera. Kodi Yesu ndi Mulungu weniweni wofanana ndi Atate, kapena ndi Mwana yemwe adachita kulengedwa? Nanga Mzimu Woyera, ndi Mulungunso kapena ndi mphamvu chabe? Mukaumva mkanganowu pa msika wa Limbe, pa Tsoka kapena m'mahositelo a ana asukulu ku Zomba, kawirikawiri pamakhala wina yemwe wanyamula mfundo zomwe zidasanjidwa ndi munthu mmodzi wa ku America, ngakhale wonyamulayo sadziwa n'komwe dzina lake. Munthuyo ndi Charles Taze Russell, yemwe adayambitsa magazini ija timaidziwa kuti Nsanja ya Olonda.

Ndinene poyambirira, kuopa kuti wina angati ndatumidwa: ine Utatu ndimaukhulupirira. Koma ndatopa ndi alaliki omwe akamva dzina la mkuluyu amangolalata osayankha zomwe adafunsa, monganso ndatopa ndi omukonda omwe amakwirira zomwe adaphonya. Katundu wa munthu ameneyu ngofunika kumutsitsa pa shelefu n'kumuyang'ana mmodzimmodzi, monga achitira wogula kaunjika wochenjera.

Russell adabadwa pa 16 February 1852 ku Allegheny, dera lomwe lero lili mkati mwa mzinda wa Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania. Makolo ake adali a mpingo wa Presbyterian, tingoti abale ake a CCAP yathuyi pa chiphunzitso. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka 9, ndipo adakulira pambali pa bambo ake, a Joseph Russell, omwe adali ndi sitolo ya zovala za amuna. Sukulu sadapite nayo patali. Akadali mnyamata adalowa m'bizinesi ya bambo akewo, nakhala mnzawo pa mpamba ndi pa phindu, ndipo sitolo imodzi ija idabala zinzake. Ku koleji ya ubusa sadapondeko phazi moyo wake wonse. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti adani ake adzamunyoza nayo, komanso ndi yomwe ikutiuza komwe kudagona mphamvu zake. Munthuyu ankaganiza ngati wamalonda, ndipo ankadziwa kufikitsa katundu kwa wogula.

Ndewu yake yoyamba ndi mpingo siidali ya Utatu ayi. Idali ya moto. Ali wachichepere adasamukira ku mpingo wa Congregational, ndipo adali wachangu zedi moti ankayenda ndi choko n'kumalemba mavesi pa mipanda, kuchenjeza odutsa za moto wa ku Gehena. Atafika zaka 16 chikhulupiriro chija chidagwa. Chidamuzunguza mutu n'chakuti Mulungu wachikondi angalenge bwanji anthu akudziwiratu kuti ambiri a iwo adzapsa mpaka muyaya. Mayankho omwe adalandira sadamukhutitse, ndipo kwa kanthawi Baibulo adaliika pambali. Cha m'ma 1869 adalowa m'kaholo kena ku Allegheny momwe ankalalikira Jonas Wendell, mlaliki wa Adventist, osati a Seventh Day omwe tidawazolowera kuno koma nthambi ina ya banja lomwelo. Sadavomere zonse zomwe adamva, komabe adabwerera ku Baibulo ndi ganizo latsopano, lakuti mwina vuto silili m'bukumo koma m'ziphunzitso zomwe mipingo idasanjika pamwamba pake.

Cha m'ma 1870 iye, bambo ake ndi anzawo owerengeka adayamba kukumana pawokha. Ankatenga mutu umodzi, kusaka mavesi onse okhudza mutuwo, kenako kumanga mfundo. Adaphunziranso zambiri kwa mlaliki wachikulire George Storrs, yemwe ankaphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu ndipo oipa adzangowonongeka osati kuzunzika kosatha. Storrs naye adatapa nzeruzo kwa Henry Grew, munthu yemwe adali atalembapo kale zotsutsa Utatu. Ukazula mzati umodzi wa nyumba umayamba kukayikira inzake. Moto wosatha utachoka, mzimu wosafa utachoka, Utatu udali pa mzere.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ambiri timakangana za Utatu osadziwa kuti nkhaniyi yadya anthu angati. Chiphunzitsochi chimati Mulungu ndi mmodzi, koma mwa Iye muli Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, atatu osasakanikirana, ofanana ulemerero, ndipo palibe yemwe adayamba kukhalako mnzake kulibe. Nkhaniyi idaphikidwa kwambiri muno mu Africa momwemuno. Tertullian, yemwe adayamba kulemba liwu la Chilatini lotanthauza Utatu cha m'ma 200, adali wa ku Carthage, komwe lero ndi Tunisia. Arius, wansembe yemwe adaphunzitsa kuti Mwana adachita kulengedwa, adali wa ku Alexandria ku Egypt, ndipo Athanasius yemwe adalimbana naye moyo wake wonse adali wa mzinda womwewo. M'chaka cha 325 mfumu Constantine idasonkhanitsa mabishopu ku Nicaea, ndipo msonkhanowo udagamula kuti Arius ngolakwa. Za Mzimu Woyera adazimaliza ku Constantinople mu 381.

Kuchokera apo kukana Utatu udasanduka mlandu wa boma. Pa 27 October 1553 dokotala wa ku Spain, Michael Servetus, adamutentha wamoyo ku Geneva, mzinda wa John Calvin, kaamba ka mabuku ake otsutsa Utatu. Mu January 1697 ku Edinburgh adanyonga Thomas Aikenhead, mwana wasukulu wa zaka 20, pa mlandu wonyoza Mulungu, ndipo china mwa zomwe adamuimba nazo chidali kuseka Utatu. Ana asukulu, mwamva zaka zakezo? Ku England lamulo lolanga okana Utatu lidachotsedwa mu 1813. Izi zisadachitike, mu 1791, chigulu cha anthu ku Birmingham chidatentha nyumba ndi tchalitchi cha Joseph Priestley, katswiri wa sayansi uja timamuwerenga pa nkhani ya mpweya wa okosijeni, yemwenso adali mbusa wa a Unitarian okana Utatu. Ndale zidalowapo, n'zoona, pakuti ankayamikira kuukira boma kwa ku France. Priestley adasamukira ku Pennsylvania mu 1794 nafera komweko mu 1804, m'chigawo chomwe Russell adadzabadwira.

Ndiye Russell sadali woyamba, ndipo iye khosi lake silidali pa chingwe, pakuti malamulo a ku America salola boma kuzenga munthu mlandu wa chiphunzitso. Chatsopano chomwe adabweretsa n'chiyani tsono? A Unitarian a nthawi yake adali anthu ophunzira kwambiri, a ku Boston ndi ku Harvard, ndipo ambiri a iwo pokana Utatu adali atayambanso kukayikira zozizwitsa za m'Baibulo. Munthu wamba sankawamva. Russell adakana Utatu atagwiritsa Baibulo ndi manja awiri, akukhulupirira vesi lililonse kuyambira ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso, ndipo nkhaniyo adaichotsa m'makalasi a maprofesa n'kukaiyala pa khomo la mmisiri, mlimi ndi mayi wapanyumba.

Mu 1876 adapeza kanyuzipepala ka Nelson Barbour wa ku Rochester, yemwe ankaphunzitsa kuti Khristu adabwera kale mosaoneka m'chaka cha 1874. Russell adakopeka, nathira ndalama zake m'ntchito ya Barbour, ndipo onse awiri ankayembekeza kuti mu 1878 oyera mtima atengedwa kupita kumwamba. Chakacho chidadutsa onse ali pansi pompano. Kenako adayambana pa nkhani ya dipo, pomwe Barbour adayamba kukana kuti imfa ya Yesu idalipira m'malo mwa anthu. Russell adachoka, ndipo mu July 1879 adatulutsa magazini yakeyake, Zion's Watch Tower and Herald of Christ's Presence, makope 6,000. Chaka chomwecho adakwatira Maria Ackley. Masitolo aja adawagulitsa, ndalama zake n'kuziloza ku makina osindikizira.

Apa ndi pomwe wasitolo uja adaonekera. Mu 1881 adalengeza kuti akufuna alaliki 1,000 oyenda khomo ndi khomo ndi mabuku. Chaka chomwecho adasindikiza kabuku kotchedwa Food for Thinking Christians makope oposa miliyoni imodzi, nalemba ganyu anyamata kuti azikaima pa makomo a matchalitchi Lamulungu n'kumagawira anthu potuluka m'mapemphero. Inu a pa msika mukuidziwa nzeru imeneyi: kukayala malonda pakhomo penipeni pa sitolo ya mnzako. Bungwe la Watch Tower lidalembetsedwa ku boma mu 1884 iye ali pulezidenti. Kuyambira 1886 adatulutsa mabuku asanu ndi limodzi omwe poyamba ankatchedwa Millennial Dawn, kenako Studies in the Scriptures, ndipo adafalitsidwa mamiliyoni. Adafika poti maulaliki ake ankatuluka sabata ndi sabata m'manyuzipepala mazanamazana a ku America ndi maiko ena.

Utatu adaukana poyera m'magazini yake mu 1882, ndipo mfundo zake zonse adazisonkhanitsa mu 1899 m'buku lachisanu la mabuku aja. Zina mwa izo mudazimva kale. Liwu loti Utatu mulibe m'Baibulo. Yesu ankapemphera kwa Atate, ndipo munthu sapemphera kwa iye mwini. Pa Yohane 14:28 Yesu akuika Atate pamwamba pake, ndipo pa Marko 13:32 akuvomera kuti tsiku la chimaliziro salidziwa. Mzimu Woyera amathiridwa pa anthu, anthu n'kudzazidwa nawo, ndiye kwa Russell imeneyo idali mphamvu ya Mulungu basi.

Koma mfundo yake yaikulu, yomwe anthu ambiri okangana pa msika saidziwa, idali ya pa sikelo. Adaimanga pa liwu lija la dipo la pa 1 Timoteo 2:6. Yemwe adachimwa nataya moyo ndi Adamu, munthu wangwiro. Chilungamo cha Mulungu, m'kuona kwa Russell, chimafuna mtengo wolingana ndendende ndi chomwe chidatayika, osapungula, osaonjezera banyira. Ndiye wobweza ngongoleyo adayenera kukhala munthu wangwiro, osaposera apo. Ngati Yesu ali pansi pano adali Mulungu ndi munthu nthawi imodzi, sikelo yapendekeka. Komanso Mulungu safa, tsono ngati Yesu adali Mulungu ndiye kuti imfa yake idali yongoyerekeza ndipo ngongole ija ikadalipo. Choncho Russell adaphunzitsa kuti Yesu ndiye cholengedwa choyamba cha Mulungu, kuti zinthu zina zonse zidalengedwa kudzera mwa iye, kuti adasiya moyo wakumwamba nakhala munthu weniweni, ndipo ataukitsidwa adakwezedwa pamwamba pa zonse kupatula Atate okha. Masamu ake ngosavuta kutsatira, ndipo ndikhulupirira kuti n'chifukwa chake amamveka bwino kwa munthu aliyense yemwe adalembapo buku la ngongole.

Tsono tiyeni timuyese mkuluyu. Pali pomwe adalasa ndithu. Baibulo lakale la Chingerezi la King James lili ndi mawu pa 1 Yohane 5:7 omwe amatchula Atate, Mawu ndi Mzimu Woyera ngati mboni zitatu zakumwamba zomwe zili chimodzi. Alaliki ankalikonda vesi limeneli chifukwa limatseka pakamwa msanga. Russell adati mawuwo ngoonjezera, ndipo adanena zoona. M'mipukutu yakale kwambiri ya Chigiriki mulibe. Erasmus, posindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki mu 1516, adawasiya, nadzawaikamo mu 1522 atamupanikiza. Isaac Newton, yemwe naye ankakana Utatu chamumtima, adalembapo za chinyengo chimenechi mu 1690. Koma onani: omwe adawachotsa mawuwo m'Baibulo la Revised Version mu 1881 adali akatswiri omwe ambiri a iwo ankakhulupirira Utatu, ndipo adawachotsa osaopa kuti chiphunzitso chigwa. Mlaliki yemwe mpaka lero akumenyera nkhondo ndi vesi limeneli akuchititsa manyazi mpingo wake.

Pomwe adaphonya ndi pa mbiri. Iye ankaona Utatu ngati mbali ya mpatuko waukulu womwe udalowa mu mpingo atumwi atatha, ndipo omutsatira ambiri mpaka pano amaloza chala Constantine ngati mwini wake wa chiphunzitsochi. Nanga Tertullian uja, yemwe adalemba zaka zoposa 100 msonkhano wa ku Nicaea usadachitike, Akhristu akadali kuphedwa ndi boma, adatumidwa ndi mfumu iti? Constantine yemweyo pambuyo pake adafewera a mbali ya Arius, adapitikitsa Athanasius mu 335, ndipo ali pafupi kufa mu 337 adabatizidwa ndi bishopu Eusebius wa ku Nicomedia, bwenzi la Arius. Pali mavesinso omwe salowa bwino m'masamu a Russell. Pa Yohane 20:28 Tomasi akutchula Yesu woukayo kuti Ambuye ndi Mulungu wake, ndipo Yesu sakumudzudzula. Pa Machitidwe 5 kunamiza Mzimu Woyera kukutchedwa kunamiza Mulungu. Pa Aefeso 4:30 Mzimu akuti angamve chisoni, ndipo ine sindinaonepo magetsi akumva chisoni.

Za sikelo zija, ine pomwe ndimasiyana naye ndi apa. Tchimo si ngongole ya matumba a chimanga yoti ukabweza thumba pa thumba nkhani yatha. Ndi chibale chomwe chidaduka, ndipo wochilumikiza ayenera kukhala mwini wake wolakwiridwayo. Athanasius adaumirira kuti cholengedwa, chikule chotani, sichingalumikize munthu ndi Mulungu. Bwana yemwe nyumba ikamapsa amatuma wantchito wake wokondedwa kukalowa m'motomo ndi wosiyana ndi bwana yemwe amalowamo yekha. Utatu umati Mulungu adalowamo yekha. Wa Mboni adzandiyankha kuti kupereka mwana wako n'kowawa kuposa kufa wekha, ndipo yankho limenelo si lopusa ayi. Apa ndi pomwe mkangano weniweni uli, osati pa kuwerengetsa kuti wani kuphatikiza wani kuphatikiza wani ndi zingati.

Pa Chigiriki Russell ankadalira mabuku a ena, makamaka Emphatic Diaglott ya Benjamin Wilson, yomwe imaika liwu la Chingerezi pansi pa liwu lililonse la Chigiriki. Mu 1912 mbusa wa Baptist wa ku Hamilton ku Canada, J. J. Ross, adalemba kabuku komunyoza kuti ndi mbuli yodzipatsa yokha ubusa. Russell adakasuma, koma mlandu sudapite patali, ndipo pofunsidwa m'khoti mu 1913 adavomera kuti Chigiriki sachidziwa. Omuteteza amati sadanenepo kuti ndi katswiri wa chinenerocho. Zimenezo n'zoona, komabe munthu wogamula kuti omasulira onse adalakwitsa Yohane 1:1 akadayenera kukhala ndi zida zakezake.

Nanga katundu wa ku Pittsburgh adafika bwanji kwathu kuno? Adadzera kwa Joseph Booth, Mzungu wosakhazikika uja yemwe adafika m'dziko muno mu 1892, nayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, yemwenso adatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Boma la atsamunda litamutsekera khomo, Booth adawerenga mabuku a Russell, nakaonana naye mu 1906, ndipo adatumidwa ku Cape Town. Kumeneko adaphunzitsa Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay yemwe adaphunzira m'sukulu za mishoni ya Livingstonia asadapite kukagwira ntchito ku Joni. Kamwana adabwerera kwawo mu 1908, ndipo m'miyezi yochepa chabe adabatiza anthu pafupifupi 10,000. Amishoni a ku Bandawe adanjenjemera, boma la bwanamkubwa Alfred Sharpe lidamugwira mu 1909 n'kumutulutsa m'dziko.

Kodi Atonga zikwizikwi aja adakhamukira kwa Kamwana kaamba koti adasanthula za Nicaea? Ine ndikukayika kwabasi. Ku mishoni munthu ankakhala zaka m'kalasi asadabatizidwe, kuyesedwa mayeso, kudikira mzungu avomere, pomwe Kamwana ankabatiza lero lomwe. Msonkho wa nyumba udali ukuwawa, ndipo uthenga woti mu 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha udali wokoma m'makutu a munthu wolamulidwa ndi Azungu. Kukana Utatu kudabwera m'mtolo womwewo ngati katundu wapansi. Russell mwini wake sadakondwe ndi fungo la ndale lomwe lidamveka kuno, ndipo mu 1910 adatuma William Johnston wa ku Glasgow kudzaona zomwe zinkachitika m'dzina lake. Kamwana, itatha nkhondo ya Chilembwe ya 1915, adamutumiza ku Mauritius kenako ku Seychelles. Adabwerako mu 1937, nayendetsa mpingo wakewake wosadalira ku America mpaka imfa yake mu 1956.

Kwawo ku America zaka zomwezo zidali za milandu. Banja lake, lomwe lidalibe mwana, lidasokonekera. Maria adali mayi wanzeru yemwe ankathandiza kulemba magazini ija ndipo ankafuna mawu ake azimveka. Adachoka pakhomo mu 1897, ndipo mu 1906 khoti lidamulola kupatukana ndi mwamuna wake litaona kuti ankamusunga monyozeka. Za chigololo zomwe adani ake ankafalitsa khoti silidazitsimikize. Likulu litasamukira ku Brooklyn mu 1909 kudabuka nkhani ya tirigu. Magazini yake idatsatsa mbewu yotchedwa Miracle Wheat, yoti imabereka modabwitsa, pa mtengo wa dola imodzi pa paundi, ndalama zake zopita ku bungwe. Nyuzipepala ya Brooklyn Daily Eagle idamujambula chithunzi chomuseka mu 1911. Russell adaisumira kufuna madola 100,000, ndipo mu 1913 adagonja, akatswiri a boma atachitira umboni kuti tiriguyo adalibe chozizwitsa chilichonse. Sindikuona umboni woti adadya ndalamazo, koma wamalonda wotsatsa mbewu yomwe sadaiyese m'munda mwake sangadandaule anthu akamuseka.

Adalinso ndi chikhulupiriro chakuti piramidi yaikulu ya ku Giza, chimulu chamiyala chija adamanga mafumu akale a ku Egypt, ndi mboni ya Mulungu, ndipo kutalika kwa tinjira tamkati mwake ankakusandutsa zaka za ulosi. Munthu yemwe ankadzudzula mipingo kuti idatola ziphunzitso kunja kwa Baibulo, iye n'kumayeza miyala ya Farao ndi tepi! Chaka chomwe adachilengeza kwambiri chidali 1914. Mu January chaka chimenecho adatulutsa Photo-Drama of Creation, chionetsero cha maola asanu ndi atatu chophatikiza kanema, zithunzi zamitundu ndi mawu ojambulidwa, cholowa ulere, ndipo anthu mamiliyoni adachionera. Nkhondo yaikulu itabuka chaka chomwecho omutsatira adati si izi tinkanena. Koma zomwe ankayembekeza zidali zoposa nkhondo: maboma onse kutha, Ufumu wa Mulungu kukhazikika pansi pano, oyera mtima kukwera kumwamba. Palibe chidachitika mwa zimenezi.

Russell sadapume. Akudwala kale adanyamuka ulendo wokalalikira kumadzulo kwa America, nalankhula komaliza ku Los Angeles, ndipo pobwerera adamwalira m'sitima ya pamtunda pafupi ndi Pampa ku Texas pa 31 October 1916, ali ndi zaka 64. Chuma chija cha masitolo chidali chitapita kale ku ntchito yosindikiza. Adaikidwa ku Pittsburgh, ndipo omukonda adamanga kapiramidi kamwala pafupi ndi manda ake.

Yemwe adalowa m'malo mwake mu January 1917, loya Joseph Rutherford, adasesa m'sitolomo. Mu 1928 adati piramidi ya ku Giza ndi ntchito ya Satana. Chaka cha 1874 chidasiyidwa, kubwera kosaoneka kwa Khristu n'kusunthidwira ku 1914. Khrisimasi, yomwe Russell ankakondwerera, idaletsedwa. Mtanda, womwe unkaoneka pachikuto cha magazini yake, udachotsedwa. Mabuku ake adaleka kuwasindikiza, ndipo ambiri omwe adakana kusinthaku adapatuka n'kupitiriza kudzitcha Ophunzira Baibulo. Otsalawo adatenga dzina loti Mboni za Yehova mu 1931 ku Columbus, Ohio. Kukana Utatu kokha sikudasunthe, ndipo Baibulo lawolawo, lomwe Chipangano Chatsopano chake chidatuluka m'Chingerezi mu 1950, lidamasulira Yohane 1:1 mogwirizana ndi chiphunzitsocho. Si okhawa okana Utatu masiku ano. Alipo a Pentekoste ena, omwe adayamba cha m'ma 1913 ndi 1914 ku America komweko, omwe amaukana chakumbali inayo ponena kuti Yesu yemweyo ndiye Atate, ndiye Mwana, ndiyenso Mzimu, ndipo amabatiza m'dzina la Yesu lokha. Iwowa ndi a Mboni atakhala pa benchi imodzi sangamvane n'komwe.

Kuno kwathu ana a chiphunzitso cha Russell adalipira mtengo womwe mwini wake sadaulipirepo. Boma la Dr Banda lidawaletsa mu October 1967, mlandu waukulu uli wokana kugula khadi la chipani. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu September 1972 udagamula kuti achotsedwe ntchito, mabizinesi awo afooketsedwe, ndipo apitikitsidwe m'midzi. Ayufi ndi Apayoniya adagwira ntchitoyo ndi zibonga. Nyumba zidapsa, amayi adagwiriridwa, anthu adafa, ndipo zikwizikwi adathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mlangeni ku Mozambique. Atabwezedwa mu 1975 ambiri adakatsekeredwa ku Dzaleka.

Palibe Myufi yemwe adafunsa munthu za Nicaea asadamumenye, zimenezo ndikudziwa. Koma ndimadzifunsa chifukwa chomwe mipingo yathu ikuluikulu siidamveke poyera zaka zonsezo. Mantha adalipo, eya, ndipo aliyense yemwe adakhalako nthawi imeneyo sangawapeputse. Komabe ndikuganiza kuti kudali kosavuta kuyang'ana kumbali poti omenyedwawo adali a Chitawala, anthu omwe tidaphunzitsidwa m'kalasi kuti si Akhristu anzathu pakuti amakana Utatu. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo khadi lomwelo lidadzatsekereza tonsefe pa chipata cha msika ndi pokwera basi. Chiletso chija chidachotsedwa pa 12 August 1993, patangotha miyezi iwiri chichitikire riferendamu ya pa 14 June, a Mboni atakhala zaka pafupifupi 26 akusonkhana mobisala ndi kuwerenga Nsanja ya Olonda yolowa m'dziko mozemba.